Sikelo ya Onga ya BaNkandu

BaNkandu a ku Shikabeta anakulira m'munda, kupirikitsa nguluwe ndi mfuti ya gogodera. Onga ankapimira m'chikhatho monga ankachitira atate awo, mpaka tsiku lina unachuluka, mfuti n'kuphulika, n'kuwadula zala ziwiri.

Bala litangopola, anakwera minibasi kupita ku Rufunsa, kumene amagulitsa tisikelo ta mabatire topimira golide. M'thumba anatengamo njere imodzi ya mapira. Atafika kwa wogulitsa, ankaiika pa sikelo, n'kuichotsa, n'kuiikanso. Manambala akasiyana ndi oyamba, sikeloyo ankaikankhira kumbali.

"Mdala, mwabwera kudzagula kapena kudzasewera?" anakalipa wogulitsa.

BaNkandu anatambasula dzanja lopunduka lija pathebulo.

"Sikelo yanga yakale ndi iyi. Inandinamiza kamodzi kokha. Bweretsa ina, mwanawe."