Nyali Zachikasu za Takisi ya Malemu

Ine Nangozo wa ku Angonia, ntchito yolembedwa ndinaiyamba imvi zitamera kale, ee, zitamera kale! Ndinkagulitsa mbatatesi pakhomo pa ofisina yokonza galimoto ku bairo ya Samora Machel, dera la mumzinda wa Tete. Tsiku lina mwini wake, Mesitiri Zakariya, anandiona ndikukwecha poto mpaka kudziona nkhope. Anati, "Vovo, agogo anga, manja amenewo ndikuwafuna." M'mawa mwake ndinali mkati, kuviika maparafuzu, aja ena amati masikuluwu, m'palafini, kupala dzimbiri ndi burashi yawaya, nyimbo ili pakamwa.

Pakona pankagona galimoto yakuda yakalekale, yamsana ngati kamba. Inali takisi ya malemu amuna awo a Dona Felizarda a ku bairo ya Josina Machel. Mesitiri anaidzutsa pang'onopang'ono, injini, mipando, utoto, n'kutsala nyali zakutsogolo, zimene ife timati mafarolo. Mayiwo maso awo anali kuzima. Ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo kuchipatala anati nako kuwalako kuli paulendo. Iwo ankapempha chimodzi chokha: kuonanso nyali zija monga zinkalowera pageti amuna awo akaweruka.

Farolo ya nthawi yake, ana anga, imadziwika ndi chala. Gogodani ndi chikhadabo: galasi limaimba ngwee, pulasitiki imangoti phu. Sisitani m'munsi mumve chizindikiro cha opanga chotumphuka. Mkombero wake ndi wachitsulo, womanga ndi parafuzu ya pansi, ndipo babu lake ndi lachikasu. Imodzi tinali nayo. Inzake Mesitiri anaisaka mpaka nsapato kutha, n'kukaipeza ku Moatize, kuseri kwa khola la mbuzi la wogula zitsulo zakale.

Inafika m'mawa wa tsiku limene mayiwo ankabwera. Titaitsegula, mayo ine! Mavu anali atamanga nyumba yawo yadothi pambale yonyezimira ya mkati, ija imaponya kuwala kutsogolo.

Mesitiri anandigwira dzanja. "Vovo, uyu si poto. Siliva wakeyu ndi wopyapyala kuposa khoko la anyezi. Mukapukuta ndi nsalu wapita, ndipo ina kulibe. Madzi ofunda, dontho la sopo, muzingozunguza."

Tili pomwepo analowa a Tome, mwana wa mayiwo, katoni ya nyali zamakono zoyera ili m'khwapa. "Mesitiri, ikani izi. Mayi atopa kudikira, ndipo sakazindikira."

"Tipatseni mpaka dzuwa lipendeke, bwana. Zikakanika tiika zanuzo."

Dzuwa la Tete linakhala pamalata ngati mwini nyumba. Manja anga ankayabwa, ankalira phulusa, ankalira mchenga, manja okwecha chibadwire! Ndinaluma mlomo, n'kuifungatira mbaleyo ngati khanda, kuigwedeza uku ndi uku. Sungunuka dothi, sungunuka, mavu anasamuka, sungunuka. Madzi akada ndikutaya, ndikuthira ena. M'madzimo ndinkaona Zambezi akuyenda mwaulesi, ndinkaona mtsikana ataima pageti, mpango uli kumutu, akumvetsera kulira kwa injini. Sindikudziwa ngati ndinkagona kapena ndinali maso. A Tome ankazungulira, kuyang'ana wotchi, kufunsa ngati nyimbo ndiyo sopo wa kwathu.

Dzuwa litapendeka, chibuma chinangoti tereree chokha, osakhudzidwa. Pansi pake siliva yense ali phee, akundiyang'ana. Tinatsukuluza, kuumitsa pamthunzi ndi mpweya wa pampu, Mesitiri n'kumanga babu, galasi, mkombero.

Dona Felizarda anafika atagwira mkono wa mwana wawo. Tinawakhazika pampando kutsogolo kwa galimoto, tinatseka zitseko, ziguduli m'mipata, ofisina inasanduka madzulo. Mesitiri analiza injini, n'kukoka batani.

Kuwala kunatuluka kofewa, kwachikasu ngati mango akupsa, kunayala pansi, kunakwera pa kapulana, chitenje chawo, mpaka kumaso. Mayiwo anadzutsa mutu. Anakonza mpango. Anati, "Tome, katsegule geti. Bambo ako afika."

A Tome anakankhira katoni ija pansi pa benchi ndi phazi, n'kupita kukakoka chitseko ngati mwana wotumidwa. Ine nthungululu inandipulumuka, alululu, mpaka agalu a m'bairo anayankha!

Ndinakula ndikudziwa kuti chowala n'chokwecha. Ku ofisina kuja ndinaphunzira kuti zina zimawala ukazifungatira n'kudikira. Mapoto ndimakwechabe, ee, ndimakwechabe mpaka kulira. Koma ndisanagwire chinthu chakale cha mwini, ndimayamba ndapinda manja kumbuyo, n'kufunsa kuti chinkaunikira ndani.