Wailesi ya m'galimoto ya adada

Adada atadwala sitiroko anatsala ndi liwu limodzi lokha, yewo, zikomo wa m'Chitumbuka. Akafuna madzi ankati yewo, akakwiya ankati yewo, tikawatembenuza pabedi ankatinso yewo. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa. Munthu amene anayendetsa malole a matabwa moyo wake wonse, wokonda nkhani moti alendo ankachita kutsanzika kangapo, anangokhala chete pampando n'kumayang'ana khoma.

Ndinabwerera kwathu ku Masasa kukathandiza amama. M'mawa ndinkaphunzitsa ku Chiputula, masana ndinkakhala pakhomo.

Adada anali ndi kagalimoto koyera kamene anagula atapuma ntchito. Wailesi imene kanabwera nayo kuchokera kunja sinkagwira masiteshoni ambiri, ndiye anaizula n'kuikamo ina yogula m'tauni, yokhala ndi polowetsa fulashi. Analumikiza okha mawaya onse, osalola aliyense kugwirapo.

Tsiku lina tikuchokera kuchipatala ndinayatsa wailesiyo kuti m'galimoto musakhale zii. Munali fulashi yawo ya nyimbo za kwaya. Nyimbo yachiwiri itayamba ndinamva mawu a besi pambali panga. Adada ankaimba, mawu onse a Chitumbuka akutuluka bwinobwino, ndime yonse mpaka kumapeto. Amama kumbuyo anandigwira phewa mwamphamvu. Nyimbo itatha ndinafunsa, "Adada, mwaimba?" Anandiyang'ana n'kunena kuti yewo.

Kuyambira pamenepo masana aliwonse tinkawagwira uku ndi uku mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala pamene galimoto inkaima. Tinkawakhazika pampando wa dalaivala, ine n'kupotokola kiyi pang'ono, osaliza injini. Ankaimba. Ndi nthawi yokhayo imene tinkamva mawu enieni kuchokera pakamwa pawo.

Nyengo yozizira ili pakati, chifunga chitakana kuchoka mpaka masana, ndinapotokola kiyi koma wailesi sinayake. Kagalasi kake kanali bii. Ndinadina batani, ndinadinanso, ndinaimenya pang'ono ndi chikhatho. Palibe.

"Mwina ndi batire," amama anatero.

Ndinaliza hutala, inalira. Nyali zinayaka. Ndinaliza injini, inalira bwinobwino. Ndinachotsa nkhope ya wailesiyo, pajatu imachoka, ndinapukuta tizitsulo ta kumbuyo kwake ndi nsonga ya chitenje n'kuibwezera. Palibe chinasintha. Adada ankatsatira manja anga ndi maso.

Mawa lake ndinafunsa mphunzitsi mnzanga amene ali ndi galimoto. Anati ndiyang'ane mafiyuzi. Ndinagwada pamatope, mutu pansi pa chiwongolero, n'kumazula timafiyuzi tamitundumitundu kamodzikamodzi. Kalikonse ndinkakayang'ana padzuwa kuti ndione ngati kawaya ka m'kati kaduka. Tonse tinali tabwino. Kenako ndinatenga mipeni iwiri ya patebulo, ndinailowetsa m'mbali mwa wailesi mpaka inasololoka. Kumbuyo kwake kunatuluka chimtolo cha mawaya, ofiira, achikasu, akuda, ena olumikizidwa ndi nthambo za m'nyumba, onse okulungidwa tepi wakuda amene anali atayamba kunanda. Ndinangowagwira m'manja, osadziwa kuti uti ukupita kuti.

Apa m'pamene adada, amene tinali titawakhazika pampando wawo uja, anayamba kuvutika. Anatukula dzanja lamanzere n'kuloza pansi, chakumanja kwa chiwongolero.

"Yewo."

"Apa, adada?"

"Yewo! Yewo!"

Ndinagwira waya wina. Anapukusa mutu. Ndinagwira wina, anamenya chiwongolero. Ankadziwa. Ndinkaona m'maso mwawo kuti chinthu chonsecho chili m'mutu mwawo, waya uliwonse ndi kumene unadutsa, koma panalibe potulukira. Ndinawapatsa cholembera, dzanja lamanzere linangojambula mizere yokhotakhota. Malovu anayamba kutsika pachibwano, amama anawapukuta, iwo anakankha dzanja la amama. Chikwatiranireni anali asanawakankhepo. Amama analowa m'nyumba.

Loweruka ndinaitana bambo wina wokonza zamagetsi a galimoto wa ku Mchengautuwa. Anabwera pa kabaza, zida zake zili m'kachikwama ka sukulu.

"Mwatandala uli, adada?" anawapatsa moni atavula chipewa. Adada anamugwira dzanja osafuna kulisiya, kenako anamulozera malo omwe aja.

Bamboyo anagona chagada, anasuzumira ndi tochi ya pafoni, anapapasa paliponse. "Palibe chilichonse apa, madamu," anatero motsitsa mawu. Anatulutsa kababu koyesera moto n'kumagunditsa pa waya uliwonse. Pa wachikasu kanayaka, pa wofiira kanayaka. Anapala waya wakuda umene umamangidwa ku chitsulo cha galimoto, anaumanganso. Anayang'ana kafiyuzi ka kumbuyo kwa wailesi, kanali kabwino. Pomaliza anaimasula yonse n'kuilumikiza ku batire mwachindunji. Tonse tinayang'ana kagalasi kaja. Sikanayake.

"Moto ukufika," anatero. "Yafera m'kati. Mwina chinyezi, kuno kukuzizira chomene. Ndiitenge ndikaitsegule."

Adada anapukusa mutu nthawi yonse imene iye ankalankhula. Sindinadziwe ngati ankakana kuti yafa, kapena ankakana kuti itengedwe. Inatengedwabe. Patapita masiku bamboyo anaibweza, akupepesa kuti sanapeze chopserera chilichonse, koma kuyaka yakana.

Masiku amenewo ndinayesa kuwaimbira nyimbo zomwe zija pafoni, pabalaza. Anamvetsera atatsinzina, milomo osagwedezeka. Ndinawatengera m'galimoto ndi foniyo, chimodzimodzi. Amama anayesa kuyambitsa okha nyimbo, koma anaisiyira panjira.

Mwezi utatha ndinagula wailesi yatsopano, bambo uja anadzaiika. Inayaka nthawi yomweyo, nyali zabuluu zikuthamangathamanga. Tinawakhazika adada, ndinalowetsa fulashi, kwaya inayamba. Anatambasula dzanja kufuna pokwezera mawu, koma iyi inalibe chopotokola, inali ya mabatani okhaokha. Zala zawo zinapapasa, zinadina pena, nyimbo inadumpha. Anabweza dzanja n'kuliika pabondo. Tinakhala momwemo mpaka nyimbo zingapo zinatha. Sanaimbe.

Nditafotokoza kuchipatala, mayi wowaphunzitsa kuyenda anati zimachitika, nthawi zina zimabwerera, nthawi zina ayi. Ndinafunsa ngati wailesi ndiyo inachititsa. Anati iye sangadziwe, mwina mawuwo akanatha ndithu ngakhale ikanapanda kufa. Ndinkafuna andiuze chochita, koma anangoti tipitirize kuyesa.

Tinapitiriza mpaka mvula inayamba. Bwalo lathu ndi lotsetsereka, ndipo dothi lofiira likanyowa limaterera. Tsiku lina tonse atatu tinatsala pang'ono kugwa, amama anati basi, tidikire kuume. Galimoto inakhala osayenda, tayala lina linaphwa, masamba anadzaza pagalasi.

Sabata yatha munthu wina wa kutchalitchi anabwera kudzafunsa ngati tikuigulitsa. Amama anamuuza kuti afunse ine. Ine ndinati ndifunsa kaye eni ake. Ndinalowa kuchipinda, ndinawapeza akugona, pakamwa pali potseguka pang'ono. Ndinawakonzera bulangete, ndinatuluka, ndinamuuza munthuyo kuti adzabwere tsiku lina.