Anapiye m'Shedi ya Amalume

Paipi ija ndimaikumbukabe. Inali yakuda, yaitali ngati ine panthawiyo, ndipo amalume anaitola pamulu wa zitsulo pafupi ndi mgodi, tikukhala ku Maglas, komboni ya anthu ogwira ntchito pamgodipo. Chaka chimenecho chisanu chinabwera ndi ukali. Anzathu Achishona amati chando. M'mawa madzi a m'beseni ankaluma ngati ali ndi mano, zala n'kumakana kumanga ngakhale mfundo ya nsalu.

Amalume anali mlongo wa amayi. Mwala unawaphwanya mwendo pansi pa mgodi, ndipo potuluka m'chipatala anapeza ntchito itatha. Kuseri kwa nyumba anali ndi shedi ya malata momwe kale ankakhomeramo mipando, koma chichitikire ngoziyo sanaitsegulenso. Ankangokhala pakhonde atafunda chikhoti, chakudya n'kumabweza. Munthu akatchula za shediyo, ankati muli kuzizira koti galu sangagonemo. Munthu wamkuluyo ankatha tikumuona.

Tsiku lina amayi anabwera ndi katoni yolira. Tianapiye, eti! Tachikasu, tonjenjemera. Anaitula pamapazi pa amalume.

"Achimwene, tianapiyeti tizigona m'shedi mwanu. Tikafa ndi chisanu, mwapha ndinu."

Amalume anayankha kuti aikona, iwo si thadzi. Koma kamwanapiye kena kanatuluka, kanakwera pa nsapato yawo n'kukhala pomwepo ngati kalipira lendi. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandituma kukatenga kiyi.

Mbaula ya makala anaikana, ati mpweya wake ugonetsa anapiye tulo tosadzuka. Anakumbukira zimene anaona kwa mnzawo wa ku Mozambiki m'komboni: mbaula yodya utuchi. Anapeza diramu, naboola kabowo m'mbali chakumunsi. Paipi ija anaiimika pakati, mpini wa khasu anaulowetsa pakabowo mpaka kukagunda paipiyo, ndiye tinasesa utuchi wakale pansi ponse n'kuthira mozungulira. Ukasolola paipi ndi mpini, pamatsala njira ya moto. Pamwamba anavundikira ndi chitsulo, utsi n'kuutulutsira kunja ndi chumuni ya zitini zolumikiza.

Ulendo woyamba zinakanika, ndisaname. Utuchi unagumukira mkati, chiutsi chinadzaza shedi, ife kuthawa tikutsokomola, amayi atanyamula katoni pamutu. Mayi woyandikana nafe anafunsa pampanda ngati tayamba kuwamba nkhuku zisanamere nthenga. Ndi tsiku limenelo ndinamva amalume akuseka koyamba, kuseka kochita kugwira pamimba.

Anati vuto ndi kusatsendera, ndipo mwendo wawo sungathe. Basi anandinyamula m'khwapa n'kundiika m'diramu. Ndivine! Iwo akuimba nyimbo za m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi, akuomba thabwa ndi hamala, ine ndikupondaponda mozungulira paipi, utuchi ukulowa pakati pa zala, fungo la paini lili m'mphuno. Iwo ankathira wina, ine kukwera pang'onopang'ono mpaka mawondo atatulukira pamwamba. Zovina ndavina zambiri pamoyo wanga, paukwati wanga pomwe, koma gule wa m'diramu uja alibe mnzake.

Moto unagwira. Unkalira chapansipansi, huuu, malata a diramu akuthetheka, ndipo unkafika madzulo osauwonjezera kanthu. Anapiye anaunjikana chapafupi n'kutambasula timapiko. Ife tinkaika mbatata pachivundikiro. Ana a mumzere wa nyumba zathu anayamba kubwera kudzapempha kuvina nawo, ine n'kumasankha ngati kapitawo. Ndinali wonyada moipa, ndikuvomera, koma diramu inali ya amalume anga.

Sabata isanathe utuchi wapansi unatha. Amalume anati anditume ndi thumba kwa akalipentala a kumsika, koma amayi anakana kwamtuwagalu, ati mwana wawo sapemphetsa zinyalala za eni pomwe m'nyumba muli sowo. Anapiye anali atayamba kale kulira. Amalume anatukwana pang'ono m'Chilapalapa, natsitsa sowo pamsomali, naipukuta dzimbiri. Anayamba kudula thabwa kuti angopeza utuchi. Koma mmisiri sadula thabwa chabe, manja amachita manyazi. Pofika madzulo panali kampando. Mayi wa pampanda uja anakagula, mawa lake mphunzitsi anabwera kudzafunsa za tebulo, ndipo utuchi unachuluka mpaka tinkagawirako ena.

Mmene mphepo ya Ogasiti inkayamba, nkhuku zinali zitakula, zikuipitsira amalume matabwa, iwo akuzithamangitsa motsimphina ndi kuzitchula mayina a mabwana awo akale. Chakudya ankamaliza, nthawi zina n'kupempha china.

Chinthu chimodzi chokha chinkandizunguza mutu. Mayi wa pampanda nayenso anali ndi anapiye, ndipo ankangowagoneka m'khitchini pafupi ndi chitofu, osafa ngakhale mmodzi. Tsiku lina ndinafunsa mokweza, amalume ali pomwepo akupala thabwa, kuti nanga ifenso khitchini yofunda tinali nayo, tinavutikiranji chonchi?

Amayi ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni, nandiuza kuti ndikatunge madzi. Ndinapita ndikulira, ndikudabwa kuti ndalakwanji, poti funso langa linali loona.