Zosakonza Zija

Achimwene anga ankaimba ng'oma m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, cha ku Nkhamenya, ndipo ine ndinkajambula makwaya ndi kalaputopu kanga kong'aluka pakona. Tonse awiri ntchito yathu yeniyeni inali fodya, zinazi zinali za Loweruka ndi Lamulungu.

Chaka china munthu woika nyimbo m'makhadi a foni pamsika anandiikira mwangozi nyimbo zachilendo zimene eni ake amazitcha progressive metal. Nyimbo imodzi kutalika ngati ulaliki. Magitala amalusa, kenaka zii, kenaka ng'oma n'kuyamba kuwerenga mwa njira yakeyake, osati kanayikanayi monga tinazolowera. Alamu anga, akazi a achimwene, ankati limenelo ndi phokoso la chigayo. Achimwene anangomvetsera kawiri, n'kuyamba kugogoda pabondo.

Tinapeka yathu, yopitirira mphindi khumi. Vuto linali malo ojambulira. M'tchalitchi mawu amabwerera kuchokera kumalata, ng'oma imodzi n'kumamveka ngati zitatu. Achimwene ndiwo anazindikira kuti m'chigafa, fodya akadzaza pamikangala, ukaomba m'manja mawu amathera pomwepo. Masamba amamwa phokoso lonse. Koma mwayiwo ndi wa masabata ochepa, chifukwa fodya akauma n'kutsitsidwa, chigafa chimangokhala denga la udzu basi.

Tinabwereka ng'oma za kwaya Lachitatu lina masana. Pansi tinayala masaka, maikolofoni atatu tinawamangirira pamitengo ndi chingwe chosokera fodya, moto tinatenga ku batire ya sola. Achimwene anaimba katatu, ndipo kachitatuko sindidzakaonanso. Pakati pa nyimboyo panali malo ena pamene ankagunda kasanu ndi kawiri, n'kuchedwa pang'ono mwadala, ngati munthu wofuna kunena mawu olemera amene wayamba wameza malovu. Akatero ankatsitsa dzanja mpaka unkamva mpando ukulira, masamba akukhudzana pamwamba, iwo akupuma. Atamaliza malaya anali atanyowa, ndipo anaseka okha. Gitala ndi besi ndinadzaika ine pambuyo pake.

Ndiye kunabwera nzeru zanga. Ndinali nditakhuta mavidiyo a pafoni a anthu ophunzitsa kusakaniza mawu. Ndikaika nyimbo yathu pambali pa zakunja zija, yathu inkamveka yapansipansi, ng'oma zake zachikale, ndipo ndinachita manyazi. Manyazi amenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Ndinakoka kugunda kulikonse n'kukuika pamzere wa kompyuta. Pochedwa mwadala paja ndinapawongola. Kulira kwa ng'oma za kwaya ndinakuchotsa, n'kuikapo kwa ng'oma za eni zojambulidwa kale, zimene aliyense amangotsitsa pa intaneti. Mpando, masamba, mpweya wawo, zonse ndinadula ngati zinyalala. Pomaliza ndinaifinya nyimbo yonse monga timafinyira fodya pajeke, kuti potsika ndi pokwera pafanane mphamvu. Pa sikirini inkaoneka ngati belo, mbali zonse zowongoka, ndipo ine mtima unali m'malo.

Ndinawaikira achimwene pakhonde. Anamvetsera yonse, manja ali pamaondo, osagogoda.

"Yamveka mwamphamvu," anatero. "Koma amene akuimba ng'omayo ndani?"

"Ndinu nomwe, achimwene. Ndangokonza pang'ono."

Anandiyang'ana, n'kunyamuka kukamwetsa ng'ombe. Ine m'mutu mwanga ndinati, munthu wa kwaya, zamakono angazidziwire kuti.

Mwezi wotsatira kwaya ya amayi a ku Wimbe inabwera kudzajambula, ndipo laputopu inadzaza pakati pa ntchito. Ndinayang'ana foda imene ndinailemba kuti chigafa. Ndinadzifunsa kuti yokonza ilipo, zosakonza n'zantchito yanji? Ndinafufuta. Palibe amene anandikakamiza, magetsi sanavute, kachilombo ka kompyuta sikanalowe. Ndinali ine, chala changa, masana dzuwa likuswa mtengo, amayi aja akudikira panja atavala yunifolomu.

Chaka chotsatira, nthawi yodinda mabelo, chitsulo cha jeke chinapulumuka n'kuphwanya dzanja lamanja la achimwene. Kuchipatala analipulumutsa, koma zala zitatu sizipindika mpaka pano. Khasu amaligwira movutikira. Ndodo ya ng'oma imangogwa.

Za nyimbo sanazitchule kwa nthawi yaitali. Anadzazitchula tsiku lina tikusankha fodya, iwo akugwiritsa dzanja lamanzere, maso ali pamasamba.

"Mphwanga, zija za m'chigafa. Zosakonza zija. Undiikire m'foni, ndikufuna ndidzimve."

"Ndiziyang'ana, achimwene."

Ndinaziyang'ana miyezi itatu. Lero tchaja yafa, mawa batire yatha, mkuja ndatanganidwa. Ndinanyamula laputopu mpaka ku Kasungu boma kwa wokonza makompyuta. Anaifufuza theka la tsiku, n'kundiuza kuti pamalo pamene panali zakalezo panalembedwa zina kalekale. Zinazo zinali nyimbo za amayi a ku Wimbe, zimene ndikazimva m'minibasi mpaka lero mutu umandiwawa, ngakhale iwo sanandilakwire kanthu.

Pamenepo ndinachita chinthu chochititsa manyazi kuposa choyamba. Ndinatenga yokonza ija n'kuyamba kuiwononga mwadala. Kugunda kwina ndinakubweza m'mbuyo, kwina ndinakutsitsa mphamvu. Ndinajambula mpando ukulira, ndinagwedeza masamba a fodya pa maikolofoni, ndinapumira momwemo ngati ndine achimwene. Ndinatha sabata yathunthu ndikupanga zolakwika zabodza, ine yemwe ndinatha sabata ina ndikuchotsa zenizeni.

Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa chigafa chopanda kanthu, ndipo ndinawaveka mahedifoni. Mphindi imodzi sinakwane. Anawavula ndi dzanja lamanzere, n'kuwaika pabondo bwinobwino.

"Unafufuta eti?"

"Eee, achimwene."

"Liti?"

"Dzanja lisanavulale."

Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna alamu atuluke m'nyumba andinene kuti mudzi wonse umve, ndipeze poyankhira. Koma achimwene anangoyang'ana mikangala. Kenaka anayamba kugogoda pabondo ndi dzanja lamanzere, lamanja likuyesa kutsatira, zala zitatu zili chiimire. Anafika penapake n'kuima. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo.

"Pakati paja ndinkachedwa pati?" anandifunsa. "Pa kachisanu kapena kachisanu n'chimodzi? Ndayamba kuiwala."

Ine ndi amene ndinapawongola. Ndinapayang'ana pa sikirini masiku angapo, ndinapagwira, ndinapakoka ndi dzanja langa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, ndipo ndinapeza kuti m'mutu mwanga mukulira yokonza ija yokha.