Ndiwo Zopanda Mchere

Kwathu kuno, kuseri kwa Nathenje, khansa kunalibe. Anthu ankafa ndithu, koma ankafa ndi ufiti, ndi mdulo, ndi malungo, ena ndi kachasu. Khansa tinkangoimva pa wailesi, ndipo tinkaiika gulu limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a anthu a m'tauni, odya za m'firiji, okwera galimoto ngakhale popita kukagula machesi. Ndili tenanti pa esiteti ya fodya ku Mitundu, mnzanga wina wochokera ku Mulanje anayamba kulephera kumeza. Inayamba kukana ndi nyama, kenako mbatata, kenako phala, pomaliza ndi madzi omwe. Tinati wina wamuponyera fupa pakhosi chifukwa fodya wake ankatuluka bwino kuposa wa tonse. Tinamuika m'manda tikuyang'anana m'maso, kufunafuna mwini fupalo.

Ine kwathu ndi ku Mitundu, kuno ndinabwera chikamwini. Munda ndi wa akazi anga, ana ndi a kwawo, nyumba ndinamanga ndine koma pansi pake si panga. Changachanga ndi njinga, khasu ndi pakamwapa. Sukulu ndinalekezera panjira, aphunzitsi atatopa nane ine ndisanatope nawo. Tsiku la msika ndimapalasa kupita ku Mitundu kukagulitsa mipini ndi mithiko yomwe ndimasema, ndipo palibe mayi wa tomato kapena wa usipa amene ndimamudutsa osamuseketsa. Zimenezi ndi zomwe zinadzandiika pa mlandu.

Tsiku lina masana akazi anga anandiikira nkhwani wotendera. Kulawa, mchere mulibe. Pambali pa mbale panali kachivindikiro ka botolo, mchere uli m'menemo. Ana a lero sangamve, ndiye ndifotokoze. Pa mwambo wathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba. Amauika pambali kuti wakudyayo athire yekha. Akazi anga anasunga mwambowu moyo wawo wonse, ngakhale ali otsogolera nyimbo kutchalitchi. Koma kachivindikiroko ndinali nditakaiwala kalekale, poti iwo anasiya zakumwezi mdzukulu wathu woyamba asanabadwe, ndipo mdzukuluyo anali atayamba kale kumera ndevu.

"Kodi amayi, mwabwerera ku utsikana?" ndinafunsa. "Ndikakuguleni sopo wonunkhira?"

Sanaseke. Munthu amene amaseka ngakhale nthabwala zanga zowola kale, tsiku limenelo anangotenga mbale yawo nkukadyera kukhitchini.

Sabata inatha, mwezi unatha, kachivindikiro kali pompo. Ndinayamba kuona nsanza zoyanikidwa kuseri kwa bafa, zophimbidwa ndi chitenje. Kumunda akalima mizere iwiri ankaima nkugwira m'chiuno. Chitenje chomwe chinkawakwana bwino chinayamba kuzungulira thupi kawiri. Ndikafunsa ankati ndi za amayi, ine sizikundikhudza. Koma iwo anaululira akulu awo, ndipo akulu awowo anakauza achimwene awo, alamu anga, amene ali mwinimbumba. Pa chikamwini, munthu akadwala, wonena kumene apite si mwamuna wake, koma mwinimbumba. Alamuwo anagwirako ntchito ya ulonda ku Lilongwe ali mnyamata, ndiye mpaka lero amati tauni amaidziwa ngati thumba la buluku lawo.

Ine ndinali nditaimbira kale foni mwana wathu wachiwiri, wamkazi, amene amasoka zovala ku Kawale. Ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira, ndinamufotokozera zonse mozungulira monga bambo angachitire. Mawu ake anasintha. Anati mayi wamkulu chotero akayambanso kutaya magazi, mwina ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo iye ndi anzake amakapimitsa ali bwinobwino, osadikira kupweteka. Anati anesi amapaka viniga nkuyang'ana. Ndinamufunsa ngati ndi viniga yemweyu wothira mu tchipisi, chifukwa ngati ndi choncho pa Nathenje alipo wambiri. Anati adadi, lero lokha siyani, atengeni amayi mupite nawo.

Ndisanapeze poyambira, alamu anaitanitsa bwalo la banja pansi pa mtengo wa mango, m'mawa dzuwa lisanawawe. Mlandu anali atauweruza kale kwawo. Anati mlongo wawo wadulidwa. Mwamuna akayenda kunja nkubwera kudzadya ndi kugona m'nyumba osanena, mkazi amatupa, amaonda, amataya magazi. Umboni anali nawo: pali mayi wina wa usipa ku Mitundu amene amandithirira basela wochuluka kuposa wa anthu ena. Ndinayankha kuti pa msinkhu wangawu ndikapalasa mpaka ku Mitundu chotsala chamoyo pathupi panga ndi lilime lokha. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Alamu sanaone choseketsa.

Mizu anali atatenga kale kwa sing'anga. Anati iphikidwe, ine ndivomere pamaso pa onse, ndithire mchere m'mankhwalamo ndi dzanja langa, ndiwamwetse akazi anga. Ndikakana, nditenge njinga ndi khasu langa ndizipita kwathu.

Ndinanena zimene mwana anandiuza. Alamu anaseka tsopano. Anati khansa ndi ya m'tauni, imachokera ku jakisoni wolerera ndi zakudya za m'zitini, ndipo mlongo wawo sanagonepo m'tauni chibadwire. Anati nditchule munthu mmodzi yekha wa m'mudzi muno amene anafa ndi khansa. Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana pansi, dzina osalipeza. Anawonjezera kuti opita ndi zoterezi kuchipatala amawachotsa chiberekero nkubwerako m'bokosi. Akazi anga anali atakhala pamkeka, mutu pansi, akutola tiudzu. Ndinadziwa kuti popanda chilolezo cha achimwene awo sasuntha, ndiponso ankaopa kukavula kuchipatala pamaso pa kadokotala ka msinkhu wa mdzukulu wawo.

Pamenepo ndinayang'ana mizu ija, itamangidwa ndi luzi pafupi ndi phazi la alamu.

"Alamu, ndiphunzitseni, ine sukulu ndinathawa. Mcherewo mungathire inu?"

Anati ayi.

"Nanga akulu awowa?"

Anati ayi, mankhwala a mdulo amagwira ndi dzanja la wodulayo basi, zimenezo ngakhale mwana amazidziwa.

"Ndiye ndikapita ku Mitundu, dzanjali ndilisiya pano?"

Alamu anayang'ana nkhuku imene inkapalasa pambali, ine ndinapitiriza.

"Mverani tsono. Kuvomera sindivomera, chifukwa palibe chovomera. Dzanja ndi langa, ndinabwera nalo kuchokera kwathu. Silikhudza mchere wanu mlongo wanu asanakapimidwe kuchipatala. Mukandithamangitsa ndipita nalo, mizu yanuyo muphikire mbuzi."

Alamu anaimirira, anandinena zonse zimene anasunga kuyambira tsiku la ukwati wanga. Anati mkamwini asamakule mwendo, anati ndine mfiti, anati ndikufuna kupha mlongo wawo kuti ndikatenge wa usipa. Koma za kundithamangitsa sanazitchulenso. Mwambo umene anabwera nawo kudzandimanga unali utawamanga okha.

Musaganize kuti ndinkasangalala. Masiku otsatirawo anali oipa kuposa bwalo lija. Alamu anaumirira kwawo, ine kwanga, ndipo amene ankaonda pakati pathu anali akazi anga. Anasiya kundilankhula. Tsiku lina anangonena kuti ndawachititsa manyazi pa abale awo, ndikanangothira mcherewo anthu akhale chete. Ndinkadziwa kuti ndikathira, nkhani yathera pomwepo: adzati tidikire mankhwala agwire, mwezi udzatha, wina udzatha, kenako nyimbo za maliro. Koma ndinkadziwanso kuti tsiku lililonse la makani anga likudyedwa pa moyo wawo, osati wanga. Kumsika sindinapite. Ndinkakhala pakhonde ndikusema mpini umodzi womwewo mpaka unasanduka mthiko.

Amene anathetsa makaniwo ndi akulu awo aja. Akazi anga anagwa pa mjigo, chidebe chili pamutu, ndipo akuluwo ndi amene anawadzutsa. Kuchoka apo analunjika kwa achimwene awo, ndipo zimene anakanena sindinazimve, ndinangomva kukwera kwa mawu. Masana alamu anatuma mawu kuti mlongo wawo apite, achipatala akaone kuti mulibe kanthu, akabwere adzamwe mankhwala enieni.

Ndinawakweza pa njinga, nditamangirira pilo pakaliyala, mpaka kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi msewu waukulu. Mwayi wake, nesi anali mayi wa imvi, wolankhula Chichewa chopendekera kumpoto. Akazi anga atamuona anapuma. Analowa, ine ndinatsala pabenchi pakati pa amayi oyembekezera, amene anandifunsa kuti yanga ndi ya miyezi ingati. Patapita nthawi nesi anandiitana. Anati waona chilonda pakhomo pa chiberekero, sichikuoneka bwino, ndipo tiyenera kupita kuchipatala chachikulu kuti akadule kachidutswa akapime.

Ndinamufunsa kuti matenda a m'tauni afika bwanji mwa munthu amene firiji amangoiona m'sitolo. Anati alipo ndithu makhansa ena amene amakonda anthu a m'tauni, koma iyi, ndi ya kummero yoletsa kumeza, m'midzi muno ndiye mwake. Kusiyana kwake nkwakuti a m'tauni amabwera msanga, matenda awo amapezeka ndi kutchulidwa dzina, pamene a kumudzi amafika mochedwa, kapena amafera kunyumba matendawo atapatsidwa dzina lina. Ndinakumbukira mnzanga wa ku Mulanje, ndi mmene tinkayang'anirana pamanda pake. Nesi anapitiriza kuti khansa ya khomo la chiberekeroyi imayamba ndi kachilombo kopatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi, kamene anthu ambiri amakumana nako pa unyamata, kamakhala chete zaka zambirimbiri, ndipo palibe angaloze chala kuti kanabwera ndi uje. Ndinamupempha kuti akadzakumana ndi bambo wina wamtali wovala chipewa cha ulonda, mbali imeneyo aidumphe.

Tinakwera minibasi pa Nathenje, tinakafikira kwa mwana ku Kawale. Pamzere wa kuchipatala chachikulu ndinachita chimene mlendo amachita, kuyang'ana pansi. Ndinaona mapazi. Ambiri anali ong'aluka zidendene ngati anga, ena m'mapatapata omangidwa ndi waya. Ndikafunsa, uyu wa ku Dedza, uyu wa ku Mchinji, uyu wa kuseri kwa Diamphwe, aliyense ndi kamtolo kake ndi nkhani yake ya mizu imene anayamba wamwa. Ndinalakalaka alamu akanakhalapo kuti andilozere a m'tauniwo.

Zotsatira zinachedwa, ndipo tinadikira mpaka mwana anayamba kutopa ndi nthabwala zanga. Zitabwera, inali khansa. Dokotala anati tachedwa, koma osati kuchedweratu. Anawachita opaleshoni, chiberekero anachotsa monga ananenera alamu, koma bokosi silinafunike. Panatsatira mankhwala ena owafooketsa kwambiri, oti munthu ukawaona umakaikira ngati akuchiritsa kapena akumaliza. Dokotalayo sanatilonjeze kanthu. Anati tizibwera nthawi ndi nthawi kuti aziwaona.

Tinabwerera kumudzi anthu atakolola kale. M'mawa mwake alamu anali pakhomo, mizu yatsopano m'manja, akulu aja ali pambuyo. Anati achipatala achotsa chimene anaona, koma gwero la matenda likadalipo, ndipo pangano ndi pangano. Ndinawakumbutsa kuti ndinati dzanja silikhudza mchere asanapimidwe, za pambuyo pake sindinanenepo kanthu. Ndinali nditakonzeka kukangana mpaka dzuwa kulowa.

Koma akazi anga anatuluka m'nyumba akugwira khoma, mpango uli kumutu. Moyo wawo wonse sindinawamvepo akuyankha achimwene awo.

"Achimwene, miphika ya pano ndi yanga, ndipo mizuyo siphikidwamo. Ndagona chipinda chimodzi ndi amayi a madera onse. Amuna awo onsewo amagula usipa ku Mitundu? Bambowa pakamwa pawo mpopanda chitseko, ndikudziwa, ndatopa napo kuposa inu. Koma akanathira mchere uja, bwenzi lero mukubwera kudzalambula manda anga."

Alamu anayang'ana akulu aja kuti awathandize. Akuluwo ankayang'ana nkhuku. Ananyamula mizu yawo nkumapita, ndipo mpaka lero tikakumana panjira amapereka moni kwa njinga yanga. Theka la mudzi likadali kunena kuti ndinawadula akazi anga, achipatala anangothandizira. Anene. Ine ndinayamba kuseka pakhonde pomwepo, koma akazi anga ananditembenukira.

"Inunso musaseke. Ine sindinganyamule chidebe. Katungeni madzi."

Ndinakatunga, ndipo ndikutungabe. Ulendo wapitawu dokotala anati sanaone chatsopano, tidzabwerenso mvula ikayamba. Pobwerera akazi anga anakana kukhala pakaliyala kuchokera pa Nathenje. Anati ndimapalasa ngati woledzera, ndipo anayenda pansi mpaka kunyumba, ine ndikukankha njinga pambuyo pawo.