Chipinda Chopanda Belu

Ndine ndinatseka chitseko chija. Ku tchalitchi mpaka lero ena amati inali mphepo. Ayi, ndinali ine, ndipo mutandibwezera komweko ndikhoza kutsekanso.

Unali ulendo wa mpingo wathu wa ku Wheaton, kuno ku Amereka, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, basi imodzi. Tinapita ku katauni kena ka m'mphepete mwa mtsinje, kumene kalekale ankayandamitsa mitengo pamadzi n'kumaicheka matabwa. Nkhalango inatha, macheka anasiya kulira, koma nyumba za eni ake zilipobe: zosanjikizana, makonde ozungulira, mawindo a magalasi amitundumitundu, zipilala zosemasema ngati keke ya ukwati. Umalipira pakhomo kuti ukaone pamene olemera akufa ankadyera.

Mayi anga amagwira ntchito m'nyumba ya banja lina la kwathu komwe. Bambo wa m'nyumbamo ali ku banki ina ku Foggy Bottom. Akazi awo timangoti Madamu, ndipo ndi omwenso amatsogolera amayi a mumpingo. Tsikulo linali Loweruka, tsiku la mayi lopuma. Koma pamene tinkatsika basi, chikwama cha Madamu chinali kale paphewa pa mayi.

M'nyumba yaikulu kuposa zonse, mzungu wotionetsa malo anatizunguza m'zipinda, chilichonse chokhomedwa ndi mtengo wamtundu wakewake, kenako anatilowetsa kukhitchini. Pakhoma panali mzere wa mabelu, lililonse ndi waya wake. Bwana akakoka chingwe kuchipinda, belu linkalira kuno, wantchito n'kudziwa kothamangira. Mzungu uja anafunsa ngati pali wofuna kukayesa chingwe cha pabalaza. Madamu anali atanyamuka kale.

Ngiii! Kenako mawu a Madamu kuchokera pabalaza, akuitana mayi: "Asisi! Simukumva belu kodi? Tiyi!"

Anthu anafa nacho chikhakhali. Madikoni, amayi ovala zoyera Lamlungu, onse. Madamu anabwera akupukuta misozi, amvekere, "Zimenezi ndikaikitse kwathu, zingandichepetsere kukuwa." Ndinayang'ana mayi. Ankaseka nawo, mpaka kupinda maondo pang'ono ngati akulandira mphatso. Ine sindinaseke. Munthu amene amadzuka kusanache kukasambitsa ana a eni, tsiku lake limodzi lomwelo amuimbire belu pamaso pa mpingo?

Kuseri kwa chitofu kunali kachitseko. Anatiuza kuti kumeneko kuli masitepe a antchito, opita ku kachipinda ka kudenga, kuti alendo asamakumane nawo pa masitepe aakulu. Panali chingwe chotchinga. Gulu likutuluka kukadya kubwalo, chingwecho ndinachichotsa, ndisanadziwe n'komwe kuti ndichita nacho chiyani. Mulungu amathandiza okonzeka.

Posakhalitsa Madamu anatulukira. "Iwe mnyamata, chimbudzi chili kuti muno?"

Ndinaika manja kumbuyo. "Pamwambapa, Madamu. Cha pansi n'cha aliyense, ichi n'cha alendo olemekezeka."

Anakwera cham'mbali, chifukwa masitepewo anawapangira atsikana oonda ndi njala, osati munthu wa nsapato za gogoda. Atakhota, ndinakankha chitseko n'kulowetsa kampiringidzo. Ndinapita kukadya nkhuku yanga.

Kumwambako kuli bedi lachitsulo, kawindo kosatseguka, ndi kutentha konse kwa chilimwe cha kuno. Foni? Inali m'chikwama, chikwama chili paphewa pa mayi. Chingwe chokoka munalibe. Amene anamanga nyumbayo sanaganizepo kuti wa m'chipinda chimenecho angafune kuitana munthu.

Amene anayamba kuona anali ankolo ena a ku Lusaka, oyendetsa thiraki ku Landover. Analoza kudenga ndi fupa la nkhuku: "Ah ah, nyumba iyi ili na mzukwa!" Pa kawindo panali nkhope, manja akumenya galasi. Atawatsitsa, wigi inali itakola ulusi wa akangaude, thukuta lili kamukamu. Ankolo aja anandinong'oneza, "Mufana, ndiwe wovuta maningi," mapewa akugwedezeka.

Madamu sanandiyang'ane ine. Analanda chikwama chawo n'kuuza mayi kuti, "Lolemba musabwere."

Apa ndiye pamandipsetsa mtima mpaka pano. Ndatseka ndine, wochotsedwa ntchito akhale mayi? Pobwerera mubasi, aliyense maso anali pawindo. Omwe aja anaseka za tiyi, panalibe ndi mmodzi yemwe woti, "Komatu Madamu munayamba ndinu."

Lamlungu madzulo mayi anamanga chitenje n'kundikoka mpaka kwa Madamu. Panjira ndinati, "Koma mami, anakunyozani."

"Ukuganiza kuti ndilibe makutu? Ndinamva. Mkwiyo wakowo tidzadya?"

Anagwada pa kapeti imene amaitsuka okha, n'kupepesa mlandu umene sanapalamule. Ananditsina pantchafu, nanenso ndinagwada. "Pepani, Madamu," ndinatero, maso ali pa zala zawo zakumapazi. Madamu analankhula za ana okulira ku Amereka mpaka maondo anga anachita dzanzi. Mwana wawo wamng'ono anali atakwera kale pamsana pa mayi, akukana kutsika. Bambo aja anatsokomola, amvekere, "Basi, zatha. Asisi, mawa mubwere."

Chilango changa chinali chakuti nyengo yonse yoyoyoka masamba ndizikasesa pabwalo pawo Loweruka lililonse, foni mayi atandilanda. Ndinasesa ndithu, ndikuimba nyimbo za kwaya mokweza pansi pa windo la Madamu. Masambawo ndinkawaunjika bwinobwino kumbali kumene mphepo imachokera, ndipo pofika Lolemba amakhala atabwerera okha pakhonde.