Bafa la Ababa

Ababa anagwa m'munda wa kachewere, khasu lili m'manja, chaka chachiwiri amayi atamwalira. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Inagwira mbali ya kumanja. Dzanja linafa, mwendo ankachita kuukoka, koma mutu ndi pakamwa zinatsala bwinobwino. Ndinachoka ku Lilongwe, kumene ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala, kudzawadwazika.

Atatsala pang'ono kutulutsidwa, kunabwera a fizo, aja ophunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito. Anali bambo wamfupi, wa imvi zochepa. Sanafunse za ululu. Anaika kapu ya madzi patebulo.

"Bambo, tamwani."

Ababa anamwa ndi lamanzere, ena n'kutayikira pachibwano. Kenako anapatsidwa malaya. Analowetsa dzanja lamoyo, lakufa lija n'kutsala panja likulendewera.

"Ayi, lodwalalo ndilo limayamba kulowa," anatero a fizo. "Povula limatsalira."

"Ndiye lasanduka bwana dzanjali?"

"Bwana weniweni. Mulisambitse, muliveke, muligoneke papilo."

Anawayesa chimodzichimodzi: kudzuka pabedi, kukhala pampando, kutsuka m'kamwa, kumanga mabatani. Pofika pa buluku ine ndinali nditatuluka kale. A fizo anandipeza pakhonde.

"Kudya azidya okha. Kuvala aphunzira. Chovuta ndi kusamba. Kunyumba kuli mwamuna wowathandiza?"

Kunalibe. Tinabadwa akazi okhaokha atatu. Mwana wamkazi saona thupi la bambo ake, ndipo amuna a azing'ono anga sakanagwira apongozi awo. Komanso ababa anali mkamwini. Kwawo ndi ku Linthipe. Kumudzi kwathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, anachita kudzakwatira. Njerwa anaumba okha, nyumba anamanga okha, koma nthaka ndi ya mbumba ya amayi. Maliro a amayi atatha sanauzidwe kuti azipita, nawonso sanafunse.

Titafika kumudzi, amalume, mlongo wa amayi, anabwera kudzazonda. Anapezana ndi msuweni wanga wamwamuna wa ku Linthipe, mwana wa mlongo wa ababa. Anakhala onse pakhonde, ife titagwada chapatali.

"Alamu, palibe akukuthamangitsani," anatero amalume. "Koma munthu wosambitsidwa amasambitsidwa ndi abale ake."

"Galimoto ilipo, amalume," msuweni wanga anauza ababa. "Ngakhale lero."

Ababa anayang'ana kumitengo ya kumanda, kumene kwagona amayi.

"Ndizisamba ndekha."

Mlandu unathera pomwepo. Akamasamba okha, akhala. Akalephera, apita kwawo.

Tinakonza bafa monga anatilangizira a fizo. Bafa lathu ndi la udzu, pansi pake miyala. Tinaikamo mpando wapulasitiki, ndowa tinaikweza panjerwa kuti asamawerame, tinazika mtengo wogwirira, sopo tinamumanga m'sokosi n'kumupachika pamsomali. Inali nyengo yachisanu, ija nkhungu imatsika m'phiri n'kukhala pabwalo mpaka dzuwa litakwera. Ndinkawatenthetsera madzi masana, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo la bafa. Kuchoka apo ndinkatembenuka, n'kukaima pansi pa mtengo wa pichesi, nditafulatira.

Tsiku loyamba kunamveka madzi pang'ono, kenako zii. Nthawi inapita. Nkhuku zinadutsa, n'kubwereranso.

"Ababa, zili bwino?"

"Zili bwino, mayi. Madzi atenthetsa, ndikudikira apole."

Anatuluka mochedwa, ali wefuwefu, malaya atamanga mopotoka. Ndinati ndi chiyambi.

Masiku otsatira zinayenda. Kapu inkagunda ndowa, madzi n'kumveka khwaa pamiyala, kupuma pang'ono, kenako khwaa. Nthawi zina ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Madzi athovu ankatuluka m'ngalande kulowera ku nthochi. Ankatuluka tsitsi ndi ndevu zili zonyowa, ndowa ili gwa. Kuntchito anatiphunzitsa kusalemba chimene sitinachione kapena kuchimva kwa anthu awiri. Apa kuona kunali koletsedwa, koma mboni ndinali nazo: makutu anga, ngalande, ndi mutu wonyowa uja. Ndinauza azing'ono anga, iwo anauza amayi a mphakati wa kutchalitchi, ndipo nkhani inawafika amalume. Anangoti, "Chabwino."

Wina angafunse kuti sitinamve fungo bwanji. Ababa ankavala jekete tsiku lonse chifukwa cha kuzizira, ndipo m'nyengo imeneyo aliyense amanunkha utsi. Komanso mwana wamkazi sakhala moyandikana ndi bambo ake. Chakudya timaika, n'kubwerera m'mbuyo. Dzanja lodwala lija linali litafumbata, ndipo ankalibisa m'thumba la jekete.

Tsiku lobwerera kuchipatala linafika. A fizo anawalandira ndi nthabwala.

"Bwana uja ali bwanji?"

"Akungodya, ntchito sagwira."

Anatseka katani. Ine ndinakhala pabenchi kunja kwake, ndipo katani sitsekereza mawu. Ndinamva jekete ikuvulidwa, kenako a fizo akuti, "Tione chikhatho." Atayankhulanso, nthabwala inali itatha.

"Bambo, madzi mumathira pati?"

"Pamiyala."

"Masiku onsewa?"

"Kumutu ndimathirako. Ndi kumaso."

"Chifukwa chiyani?"

"Tsiku loyamba ndinavula zonse. Poti ndiime ndipukute, mwendo unaterereka. Ndinagona pamiyala paja, mpando uli uko, mtengo uli uko. Ndikanaitana ndani, adokotala? Panja panali mwana wanga."

"Munadzuka bwanji?"

"Ndinakwawa."

A fizo anatuluka n'kundiuza mosabisa. M'chikhatho, mmene zala zinafumbata, khungu linali litayera n'kusupuka. M'khwapa munali chilonda, ndipo pantchafu panali chipsera cha kugwa kuja. Anati zonsezi zipola, ndipo kusamba aphunzira, pakuti mphamvu ya mwendo ikubwerera. Ayenera kupukuta ndi kuvala ali chikhalire, kuima komaliza. Koma mpaka atazolowera, pafunika mwamuna woima pambali pawo, m'bafa momwemo, osati kunja.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa chinthu chimene sindinkachidziwa. Madzi ogwera pathupi amamveka mosiyana ndi madzi ogwera pamwala. A pathupi amasweka kaye, amatsika mobalalika, mochedwa. A pamwala amagwa kamodzi. Kumene ndimakhala ku Lilongwe, bafa la anansi lagundana ndi mpanda wathu, ndipo m'mawa uliwonse ndimapezeka ndasiya chimene ndikuchita, ndikumvetsera. Chimene sindinathe kuchikumbuka mpaka lero ndi phokoso la kugwa. Munthu wamkulu sagwa mwakachetechete. Ndinali pafupi, mphepo kunalibe, ndipo sindinamve kanthu. Mwina anadzigwira kuti ngakhale miyala isawaulule.

Msuweni wanga anabwera ndi galimoto sabata yomweyo. Onse ankati ndi kwa kanthawi. Ababa sanatsutse. Anapempha kuti mpando wapulasitiki uja upite nawo, ndipo tinaumangirira pamwamba.

Ku Linthipe anaphunziradi. Msuweni wanga ankasiya malonda ake a tomato kumsika n'kukaima nawo m'bafa. Nditapita kukawaona, dzinja likuyandikira, anandichingamira ndi chipongwe cha pachisuweni.

"Mkazi wanga wabwera! Iwe, amalumewa anandichotsa ntchito. Ndimangoima pakhomo ngati mlonda."

"Waona ndi maso ako?"

"Ndi awiri onsewa. Msana amatsuka ndi thaulo lalitali, mbali ina aluma ndi mano. Sopo akutha ngati tikudya."

Ababa anali pakhonde. Anavula jekete pamaso panga, kuyambira dzanja lamoyo, n'kuivalanso kuyambira lodwala. Kenako anatambasula zala za kumanja ndi dzanja linalo, kundionetsa chikhatho. Chinali chouma, choyera.

"Ukawauze amalume ako."

Ndinakawauza. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto. Anati ndi nkhani yabwino, Mulungu ngwamkulu. Koma m'nyumba muja munali mutalowa kale mdzukulu wawo amene anali atangokwatiwa, poti nyumba yopanda munthu imadyedwa ndi chiswe, ndipo munda wa kachewere anali ataugawula. Sizikanatheka kumutulutsa mbewu zili m'nthaka.

"Tidikire mvula ithe," anatero.

Azing'ono anga anadandaula, koma nawonso amalima nthaka ya mbumba yomweyo. Azakhali ena anandinong'oneza pachitsime kuti mkamwini akapita kwawo wapita.

Ulendo uliwonse ndikafika ku Linthipe, ababa ankayamba ndi moni, kufunsa za ntchito, za minibasi, kenako funso lija.

"Anati chiyani?"

"Akuti mvula ikatha."

"Chaka chino yachuluka."

Sitiroko yachiwiri inawapeza m'nyengo ya Lenti, mvula isanathe. Tinawaika ku Linthipe, pakati pa abale awo. Wowasambitsa komaliza anali msuweni wanga yemwe uja, pamodzi ndi akuluakulu ena. Atatuluka m'nyumba ya siwa anandifunafuna pakati pa amayi, n'kugwada pafupi nane. Sananditchule mkazi wake tsiku limenelo.

"Thupi linali loyera," anatero. "Panalibe chilonda paliponse."